Chigumu cha pa Boda

Anzanga, mwakhala mukundifunsa kuti dzina lachilendo lija madalaivala amandikuwira pa boda linachokera kuti. Lero ndikuuzeni ndi pakamwa panga, chifukwa amene akuyendetsa nkhaniyi kunjaku akuwonjezera zawozawo, ena mpaka akuti ndinagwada pansi n'kumagubuduka. Sindinagwade ayi. Zinazo n'zoona.

Amene simundidziwa bwino, ine ndine Bauleni, ndimagwira ntchito pa kaofesi kena ka maejenti pa boda ya Mwanza. Ntchito yanga ndi kukonza mapepala a katundu pa kompyuta kuti mathiraki awoloke, ena kupita ku Zobue, ena kulowa kwathu kuno. Zaka khumi ndi ziwiri pa tebulo lomwelo, tayi pakhosi tsiku lililonse, ndipo madalaivala ankandiopa ndithu, ankati a Bauleni saseka ndi munthu. Ulemu umenewo ndinaumanga pang'onopang'ono, njerwa imodziimodzi. Unagwa Lachisanu limodzi lokha, nthawi ya nkhomaliro isanakwane n'komwe.

Chiyambi chake n'chakuti akazi anga, amake Tadala, omwe ndi namwino, anapita ku Lilongwe kukawonjezera maphunziro a uzamba. Zaka ziwiri, abale. Tsiku lowaperekeza pa depoti ine ndi amene ndinkaoneka wolimba mtima, n'kumati, "Pitani, zaka ziwiri n'chiyani, n'kuphethira chabe." Mwana wathu Tadala naye ali ku sekondale yogonera konko. Ndiye ndinabwerera kunyumba n'kupeza kuti nyumba ija yakula. Mumadziwa kuti nyumba imakula munthu mmodzi akachokamo? Pabalaza pamene tinkadandaula kuti n'popanikiza panasanduka bwalo la mpira. Ndinkapezeka ndikuyankha wailesi. Ndikaona chachilendo pamsewu ndinkati ndikafika ndikawauze, n'kudzakumbukira ndili pakhomo, kiyi ali m'manja, kuti wouzidwa kulibe.

Chimene chinkandisunga ndi foni. Iwo kusukulu kwawoko nthawi yambiri amakhala m'mawodi, foni saloledwa kugwira, kupatula pa kanthawi ka tiyi cha m'ma teni ndi pa nkhomaliro. Mphindi khumi, zikachuluka khumi ndi zisanu. Timphindi timeneto ndi timene ndinkadzukira m'mawa.

Ndiye mu Juni, kukuzizira, ndikuchapa ndekha malaya, ntchito imene manja anga anaiwala kalekale, ndinawerama ndipo foni inatuluka m'thumba la shati n'kuti chubwi! m'ndowa ya thovu. Wokonza mafoni ku boma anaiyang'ana mopukusa mutu n'kunena kuti chofunika kusintha chichokera ku Blantyre, ndidikire sabata. Mwayi wanga unali woti pulogalamu ya mauthenga ija ndinali nditailumikiza kale pa kompyuta ya kuntchito. Ndinati basi, tizichezera pomwepo.

Koma taonani tsoka. Kale uthenga ukalowa, kompyuta ija inkalira kuti ting! munthu n'kudziwa. Sabata imeneyo inangoti zii. Ine mutu uli m'mafomu, sikirini yonse yadzaza manambala a katundu, uthenga unkalowa chamkachetechete ngati mphaka. Lolemba amake Tadala analemba kuti, "Mwadzuka bwanji abambo?" Ndinauona patapita mphindi makumi anayi, ndikamayankha iwo atabwerera kale kuwodi. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu ndinati ndikhale maso ali pomwepo kuyambira naini, koma itangotsala pang'ono teni kunalowa dalaivala ndi mapepala osokonekera, ndipo nditamaliza naye ndinapeza mauthenga atatu, womaliza uli chizindikiro chofunsira chokhachokha. Tinkangosemphana ngati maminibasi, wina akupita wina akubwera.

Lachinayi ndinapeza izi: "Zikuoneka kuti mwazolowera kukhala nokha. Zikomo."

Inu amene muli pabanja mukumudziwa "zikomo" ameneyo. Si wothokoza.

Lachisanu ndinalawirira. Bwana anali atapita ku Blantyre, ndipo mnzanga wa mu ofesi, a Nambewe, anatenga mafayilo n'kupita nawo kwa a kasitomu, kumene mzere wake munthu sabwerako msanga. Ndinatsala ndekha. Ndinatseka chitseko. Zenera linali lotseka kale chifukwa cha mphepo ndi fumbi, ndipo kuseri kwa khoma kunaima thiraki ya firiji imene injini yake sizima, kumangoti guu tsiku lonse. Ndinapinda manja a shati n'kunena mumtima kuti lero kompyuta iwe ulira, ufune usafune, teni isanakwane.

Ndinayamba ndi zapafupi. Pakona ya sikirini pali kachithunzi ka sipika, ndinakadina n'kupeza voliyumu ili chapakati. Ndinaikankha mpaka kumapeto, handiredi. Ndinamvetsera. Zii. Pa tebulo pali timasipika tiwiri takuda, kamodzi kali ndi kabatani kopotokola. Ndinapotokola, ndinapotokolanso, ndinapotokola ndi mtima wonse mpaka kabatani kaja kanatsala m'manja mwanga. Ndinakaika m'thumba msangamsanga ngati pali amene akundiona.

Kenako ndinakumbukira mankhwala a matenda onse a kompyuta: kuzimitsa n'kuyatsanso. Ndinazimitsa. Itangothima ndi pamene ndinakumbukira kuti fomu ya thiraki ya mchere, imene ndinaivutikira ola lathunthu dzulo lake n'kuisiya yosatsiriza, ndinali ndisanaisunge. Yonse inapita. Mwini thirakiyo, a Zuze, bambo wamkulu thupi wa ku Tete amene anali atadikira kuyambira dzulo, ngati ananunkhiza, anatsegula chitseko n'kulowetsa mutu. Kwawoko bwana amati shefi.

"Shefi, mapepala?"

"Netiweki, a Zuze. Netiweki yavuta."

Ambuye andikhululukire, netiweki inalibe mlandu uliwonse. Iwo anangogwedeza mutu mwaulemu n'kutseka.

Kompyuta itayaka ndinalowa m'masetingi. Ndinapeza pamene pamalembedwa za kulira kwa mauthenga, zonse zinali zoyatsa bwinobwino. Pali batani loyesera, ndinalidina. Zii. Apa ndinati vuto lili ku zingwe basi. Ndinalowa pansi pa tebulo, ine bambo wa zaka makumi anayi ndi zisanu, tayi akukwekwereka m'fumbi, ndipo kumeneko ndinapeza zingwe zopiringizana ngati mayani a maungu. Pakati pa zonsezo panagona chingwe china chotuwa, chopanda kolumikizidwa, kamutu kake kofanana ndendende ndi ka timasipika tija.

Aha! Ndinaseka ndekha pansi pa tebulo. Wakuba uja ndi uyu. Ndinazula chimene chinali m'kabowo kobiriwira kumbuyo kwa kompyuta n'kulowetsamo chotuwacho, chinalowa mosavuta ngati kwawo. Munthu wanzeru akanachitsatira kaye kuti chikupita kuti, eti? Ndinaona ndi maso angawa kuti chikulowa pa kabowo ka m'khoma. Ndinaona. Koma mtima unali pa wotchi.

Ndinatuluka, ndinadzisansa, ndinadina batani loyesera lija. Zii. Ndinadinanso. Ndinadina kakhumi, mwina kuposa, motsatizana ngati munthu wogogoda pakhomo pa wogontha. Palibe.

Teni inakwana. Ndinasiya zonse n'kutsegula mauthenga, maso tong'o pa dzina lawo. Mphindi imodzi, ziwiri, zisanu. Sanalembe. Ndinalemba ine kuti, "Mwadzuka bwanji amake Tadala?" Sanawerenge. Kota pasiti inakwana, nthawi ya tiyi yatha, ndipo pa sikirini panali pomwe paja, "zikomo" wa dzulo akundiyang'ana.



Ndiye ndinaganiza kuti mwina kamene kanafa ndi ka ting! kokhako, ndiyese mawu ena. Ndinabwerera m'mbuyo m'mauthenga akale mpaka ndinapeza uthenga wa mawu umene ananditumizira mwezi woyamba atangopita. Ndinkaudziwa pamtima. Apa ndiyenera kuulula chinthu chimene kwa zaka zonsezi chinali cha anthu awiri okha: akazi anga tikakhala awiriwiri amanditchula kuti Chigumu, chifukwa ati ndine wojintcha, wolimba kunja koma wofewa mkati. Uthengawo umati:

"Chigumu changa, mwadya? Musamangodya mabanzi ndi tiyi ayi. Ndipo makabudula amkati aja musamayanike pa mpanda wa kumsewu, ndi obooka, anthu amaona."

Ndinadina. Kamzere kaja kanayamba kuyenda kusonyeza kuti akuyankhula, koma timasipika tili duu. Ndinadinanso. Ndinadinanso kachitatu. Ndipo pa kachitatuko, ndili chete, kudutsa mkokomo wa thiraki ya firiji ija, ndinamva mawu.

Chapansipansi, chapatali kwambiri, ngati akuchokera kutsidya kwa phiri. Mawu a amake Tadala. "...mwadya?"

Tsitsi linandiimirira. Ndinaika khutu pa kasipika, munalibe kanthu. Ndinadinanso, n'kutseka maso, ndipo ndinawamvanso, kutali, ngati mphepo yawanyamula kuchokera ku Lilongwe konko. Ndinati Mulungu wanga, kodi kusowa munthu kumafika pamenepa? Ndayamba kumva mawu ake m'mutu? Ndinali nditamvapo kuti zimachitika kwa amasiye, koma ine akazi anga ali moyo, angopita kusukulu. Misozi inalengeza. Ndipo mukudziwa chimene ndinachita? M'malo mochita mantha, ndinadinanso, chifukwa ngakhale atakhala misala, anali mawu awo. Ndinadina kasanu ndi kawiri, mwina kasanu ndi katatu, nditakhala tsonga, ndikumwetulira ngati chitsiru, ndikumvera akazi anga akundifunsa kuchokera kumitambo ngati ndadya.

Mtima utafewa chonchi, ndinati iyayi, kulemba sikukwanira, ndiwatumizire mawu anga. Pamwamba pa sikirini pali kakamera ka misonkhano ya bwana, kali ndi maikolofoni yake. Ndinakoka mpando, ndinakhosomola, ndinadina pojambulira.

"Amake Tadala. Esinati. Ndine. Mwati ndazolowera. Sindinazolowere ayi. Masilipasi anu ali pakhomo pomwe munawasiya, ndimasesa mowazungulira. M'mawa ndimatulutsa makapu awiri, ina n'kuibwezeranso. Dzana ndinagula mulu wa manachesi pa msewu, nditafika kunyumba ndinakumbukira kuti wondisendera kulibe, ali pa tebulo mpaka lero. Ndakusowani, mayi. Chigumu chanu chikuuma kuno."

Ndinaimitsa. Ndisanatumize ndinati ndimve kaye ngati zajambulika bwino. Ndinadina. Zii, koma kutali kuja ndinamva ngati mwamuna akung'ung'udza, ndinati awo ndi madalaivala akukangana. Ndinadinanso. Kachitatu. Kenako manyazi anandigwira, ndinati mawu otani amenewa munthu wamkulu, ndiponso mwina maikolofoni nayo ndi yakufa. Ndinafufuta. Ndinabwerera ku uthenga wa akazi anga kuti ndiwamve komaliza ndisanayambe fomu ya mchere.

Chala chili pa mausi, chitseko chinatseguka kuti phwa! A Nambewe. Mafayilo akumbatira pachifuwa, duku lapendekeka, akupuma mwawefuwefu, misozi ili mbwembwembwe. Ndinadzidzimuka, ndinayesa kuti kwagwa zovuta, ndipo m'kudzidzimukamo chala chija chinadina.

"A Bauleni!" Mawu ankawakanika. "A Bauleni, zimi... zimitsani!"

"Ndizimitse chiyani?"

Anaponya mafayilo pa mpando n'kukankha zenera. Ndipo mawu analowa ngati bingu, odzaza yadi yonse, kugunda makoma n'kubwerera:

"...NDI OBOOKA, ANTHU AMAONA."

Mayo ine!

Chingwe chotuwa chija chinali cha chimkuzamawu. Zaka ziwiri zapitazo bwana anamangirira chisipika chachikulu pa mtengo wa kumapeto kwa yadi, choyang'ana kumsewu, choti tiziitanira madalaivala mapepala awo akatha. Chinagwira miyezi ingapo, maikolofoni yake n'kufa, tonse n'kuiwalako. Koma ampulifaya yake, kabokosi kokweza mawu, ili m'kachipinda kosungira katundu, ndipo imayaka limodzi ndi magetsi a mu ofesi. Nthawi yonseyi inkangodikira chitsiru choti chiipatse chonena. Ndipo voliyumu, mukukumbukira, ndinali nditaifikitsa pa handiredi.

Ndinasuzumira pazenera. Abale, anthu! Madalaivala atsika m'mathiraki aunjikana pansi pa mtengo uja, mitu chagada. Amayi a manachesi asiya malichero awo. A kabaza aimika njinga pakati pa msewu. Mlonda wa pageti wagwira mimba, watsamira chipata. Wina anandiona, analoza, ndipo gulu lonse linatembenuka n'kuyamba kuwomba m'manja, ena malikhweru, thiraki ina n'kuimba hutala.

"Zayamba nthawi yanji?" ndinafunsa.

"Poyamba kunali ting, ting, ting, tinkati mwina n'chenjezo la moto," anatero a Nambewe akupukuta m'maso. "Kenako amayi aja. Pamzere wa kasitomu anthu anayamba kunena nawo limodzi, anali ataloweza. Koma pamene munayamba inu, a Bauleni, boda yonse inakhala chete. Ndinadziwa mawu anu pa 'Ndine' pomwepo, ndinasiya malo anga pamzere n'kuyamba kuthamanga."

Ndinalowanso pansi pa tebulo n'kuzula chingwe chija, ndipo kunena zoona ndinaganizapo zongokhala konko mpaka Disembala. A Nambewe anawerama n'kundifunsa kuti kodi ndimafuna chiyani kwenikweni. Ndinati timasipika sitikulira kuyambira Lolemba. Anangoti, "Iii." Anapita pakhoma, anazula pulagi ya ketulo yawo n'kulowetsa ina imene inkalendewera pambali pake. Kagetsi kobiriwira kanayaka pa kasipika.

"Soketi ndi imodzi, ndiye kunkazizira," anatero. "Bwenzi mutangondifunsa."

Ketulo, anzanga. Ulemu wa zaka khumi ndi ziwiri unathera pa ketulo.

Koma ntchito ndi ntchito. Fomu ya mchere ndinailembanso, ndipo mapepala anayenera kukafika kwa mwini wake, amene thiraki yake, mwa tsoka langa, inaima kumapeto kwenikweni kwa yadi. A Nambewe anakana kundipititsira, ati miyendo yawo yalefuka ndi kuseka. Ndinakonza tayi, ndinatuluka. Ulendo wa mphindi ziwiri umene uja unali wautali kuposa wapansi wopita ku Thambani. Uku wina, "Mwadya, bwana?" Uko wina, "Chigumu chisaume, thirani tiyi!" Wa kabaza wina anandiuza mwaulemu wonse kuti kumsika wa ku boma kwabwera makabudula olimba. Mayi wina wa manachesi, wachikulire ndithu, anaima kutsogolo kwanga osaseka n'komwe, n'kunditambasulira nachesi losendasenda.

"Tamva kuti wosenda kulibe," anatero. "Idyani, bambo."

Mukanakhala inu mukanatani? Ndinalandira ndi manja awiri.

A Zuze ndinawapeza atakhala pa sitepe ya thiraki yawo. Ndinakonzeka kuti andimalize, poti ndinawanamiza za netiweki. Koma sankaseka. Analandira mapepala osawayang'ana n'komwe, maso ali ofiira.

"Shefi," anatero, "wanga ali ku Beira. Miyezi iwiri sindinamuone. Ine ndikaimba foni ndimangofunsa za ana ndi za denga lodontha, zina zija sizituluka." Anatulutsa bolopeni m'thumba n'kutembenuza envulopu ya mapepala aja. "Mawu aja a masilipasi, mundilembereko apa. Ndikamuwerengere."

Ndinalemba. Nditaimirira pa yadi, nachesi kudzanja lamanzere, ndinalembera bambo wa ndevu zake mawu achikondi pa envulopu ya mchere.

Ndinkati zathera pomwepo. Itakwana nthawi ya nkhomaliro foni ya a Nambewe inalira, anayang'ana, anandiyang'ana ine, n'kundipatsa. "Ndi alamu anga awa. Koma foni yangayi kasipika ka kukhutu kanafa, imamveka pa laudi pokha."

Ndinaiika pa tebulo. Mawu anatuluka, a pafupi tsopano, enieni.

"Abambo a Tadala."

"Mayi."

"Ndamva kuti lero mwalalikira pa boda."

Ndinaiwala kuti msuweni wawo amagulitsa zitenje pafupi ndi geti. Nkhani inafika ku Lilongwe ine ndisanamalize n'komwe fomu ya mchere. Ndinayamba kufotokoza za ketulo, za chingwe, za foni ya m'ndowa, koma anandidula.

"Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri tili m'banja, mawu ngati amenewo sindinawamvepo pakamwa panu. Lero mwayamba kuuza madalaivala a ku Mozambiki, ine mwini wake ndimve kwa anthu? Nditumizireni."

"Ndinafufuta."

Ndinkamva mbale zikugundana kumene anali.

"Ndiye nenani panopa. Ndatsala ndi mphindi zitatu."

Ndinakweza maso. A Nambewe anali kalikiliki kumenya sitepula pa pepala lopanda kanthu. Pazenera panali mitu itatu ya madalaivala amene mwadzidzidzi anafuna kudziwa za mapepala awo. Ndinaganiza zothamangira panja, koma panja ndi pamene panali anthu ambiri. Ndiye ndinati, chatsala n'chiyani choti ndibise? Ndinawerama pa foni ija n'kunena zonse, kuyambira pachiyambi. Nditamaliza ndinapeza sitepula yaleka, mitu ya pazenera yayang'ana pansi.

Kumbali inayo ndinamva akufwenthera. Kenako anaseka, kuseka kwawo kuja kumene ndinali ndisanakumve miyezi inayi, n'kunena chapansipansi kuti, "Nanenso, bambo. Kwambiri. Mawa munenenso, koma kwa ine ndekha." Foni inaduka.

Ndinakhala ndikuiyang'ana kanthawi, mpaka a Nambewe anachita kuichotsa pansi pa mphuno yanga.

Ndiye ndalumbira, ndipo inu mukhale mboni. Chingwe chilichonse, kaya n'cha wailesi, kaya n'choyanikira zovala, ndizichitsatira ndi dzanja mpaka kumene chathera ndisanachilowetse paliponse. Ndipo mtima ukadzandikuliranso chonchi, kompyuta ya bwana sindidzaikhudza. Ndidzapempha tchuthi, ndidzakwera minibasi ya m'mawa, ndikalire pamaso pa mwini wake, chitseko chili chotseka.